ZITHUNZI ZAKALE ZA NYANJA YATHU: OONEKA NDI OSAONEKA

Uthenga wa lero ndi wautali, ndiye ngati batire latsala pang'ono yambani mwatchaja kaye.

Masiku ano m'magulu athu mukuyenda zithunzi zakale zopanda mtundu zija: sitima zotulutsa utsi, azungu a zipewa zonga mphika, asilikali a ndevu atavala nduwira. Ambiri timangoti "eee, kale kunali zinthu," n'kupitirira. Ine ntchito yanga ndi yokonza injini za maboti. Munthu akabwera ndi Yamaha yake yoti yakana kulira, sindilimbana ndi penti. Ndimavundukula chivindikiro, chifukwa vuto limakhala m'kati momwe mwini boti sayang'anamo. Chithunzi chakale nacho chimafuna kuchivundukula chimodzimodzi. Amene anali ndi kamera ndiye ankasankha woti aime pakati, ndi woti dzina lake lilembedwe pansi. Makolo athu mumawapeza m'mphepete, opanda nsapato, opanda dzina, mwinanso osaonekamo n'komwe. Tiyeni titenge zithunzi zingapo za nyanja yathu yomweyi tione zimene zili kuseri kwake.

*Asilikali a nduwira pa Fort Johnston*

Boma la Mangochi kale linkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, mzungu woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain. Mu 1891 iyeyu anabwera ndi asilikali ochokera ku India, ambiri a iwo a mtundu wa Sikh, n'kumanga linga m'mbali mwa Shire moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda. Asilikali a nduwira amene mumawaona m'zithunzi aja ndi amenewa.

Iwo ankati abwera kudzathetsa malonda a akapolo. Ndipo tisanamizane amwene, malondawo analipodi. M'madoko athu ano munkadutsa anthu ali m'magoli, ulendo wa ku nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, kukasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mafumu akuluakulu a kuno, Mponda, Makanjira ndi Jalasi, chuma chawo chinkachokera mu minyanga ya njovu ndi mwa anthu. Ena a ife ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ndipo ambiri magazi onse awiri tili nawo. Nkhani imeneyi sitiikamba pa bawo, koma ndi yathu.

Mu Disembala 1891 mkulu wa asilikali aja, Cecil Maguire, anakwera sitima ya Domira kukaphwanya zombo za Makanjira. Nyanja inakalipa, sitima inakakamira pa mchenga, ndipo Maguire anawomberedwa ali m'madzi pobwerera ku sitimayo. Dokotala wawo, Boyce, ndi injiniya wa sitima, McEwan, anatsikira kumtunda kukakambirana, n'kuphedwa komweko. Dzina loti Fort Maguire limene timamva kumtunda kwathuku linachokera apa. Nkhondo inapitirira mpaka 1895 pamene Jalasi anathamangitsidwa pa phiri lake, azungu n'kumangapo Fort Mangochi, imene makoma ake akadalipo m'mapiri a ku Namwera.

Taonani tsono. Anthu atatu a mu Domira aja mayina awo ndawatchula mosavuta. Nanga a m'midzi imene inatenthedwa m'zaka zinayi zimenezo? Nanga akapolo amene anamasulidwa, anali ana a yani, anakathera kuti? M'malipoti a nthawiyo amenewa amangokhala nambala. Ndipo goli litachoka, kunabwera msonkho wa nyumba. Amene analibe ndalama ankakagwira ntchito m'minda ya azungu kuti alipire.

*Chauncy Maples ndi boyila ya matani 11*

Ichi ndiye chithunzi cha kwathu kwenikweni. Malindi anakula ngati malo a mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, pomwe pankakonzedwa sitima zawo. Kunena kwina, ife amakanika a pa gombe lino ntchito yathu ili ndi makolo ake.

Sitima ya Chauncy Maples pa chithunzi imaoneka yaulemu, yoyera bwino, mbendera ili petupetu. Dzinalo ndi la bishopu amene anadzozedwa ku London mu 1895, koma sanafike n'komwe pa mpando wake ku Likoma. Pa 2 Sepitembala chaka chomwecho boti limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa nyanja ino. Mkanjo wake wautali unamwa madzi n'kumulemera, ndipo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda a bishopuyo ali ku Nkhotakota. Pomukumbukira, a mishoni anaitanitsa sitima ku Glasgow, ku kampani ya Alley & McLellan.

Tsopano mvetserani mmene sitimayo inafikira kuno. Anaimanga ku Scotland, kenako n'kuimasula yonse kukhala zidutswa 3,481. Zidutswazo zinayenda pa nyanja ya mchere mpaka ku Chinde, pa matsiriro a Zambezi, n'kukwera mtsinje kulowa mu Shire. Koma Shire ali ndi mathithi pakati pa Chikwawa ndi Matope, pomwe chombo sichingadutse. Apa ndiye zinthu zonse zinakwera pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Chovuta kwambiri chinali boyila, chimgolo chachitsulo chowiritsira madzi kuti nthunzi iyendetse injini. Imeneyi sinkatheka kuigawa. Inali yolemera matani 11, ndiye kuti matumba a chimanga 220 a makilogalamu 50. Anaiika pa ngolo ya matayala achitsulo, ndipo amuna 450 achingoni anaikoka ndi zingwe mtunda wopitirira makilomita 100, kukwera zitunda, kutsika makwawa, kuwoloka mitsinje, kopanda msewu. Ife injini ya 40 timainyamula awiri kuchoka pa boti kufika pansi pa mtengo, tikafika tili wefuwefu. Tangoganizani anthu amenewo, zikhatho zawo, misana yawo, dzuwa la ku chigwa cha Shire lija.

Chinanso chimene chimandiseketsa ngati makanika ndi ichi. Ku Glasgow chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti polumikiza asavutike. Kenako anaviika zitsulozo m'mankhwala oteteza dzimbiri, manambala onse n'kukwiririka. Ine ndikamasula kabureta, kasipuling'i kamodzi kakagwera mu mchenga, tsikulo latha basi. Awa anali ndi zidutswa zoposa 3,000 zopanda chizindikiro. Zinawatengera zaka ziwiri, ndipo sitima inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901 kuno kumwera kwa nyanja.

Sitima za nthawi imeneyo sizinkamwa dizilo, zinkadya nkhuni. M'madoko monse munali milu ya nkhuni, ndiye kuti panali anthu odula, amayi osenza, ndi anyamata otsikira pansi m'chipinda cha injini kukasonkheza moto tsiku lonse, kotentha ngati ng'anjo ya njerwa. Mukaona utsi uja pa chithunzi, dziwani kuti pansi pake pali munthu wa kwathu akuchita thukuta. Chauncy Maples inagwira ntchito ngati tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama, pa nkhondo inanyamula asilikali, kenako inakhala ya usodzi, kenako ya anthu a pa ulendo. Lero inaima ku Monkey Bay. Dzina la bishopu likadali pa chitsulo. La mmodzi mwa anthu 450 aja ndani angalitchule?

*Mzinga wa pa wotchi*

Tonse tadutsapo pa nsanja ya wotchi pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga umene ana amakwerapo pojambulitsa. Mzingawo unachotsedwa pa sitima ya nkhondo ya Gwendolen, ndipo mu nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, pafupi pomwepo, muli zambiri za sitimayi.

Nkhani yake ndi yoseketsa poyamba. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba ku Ulaya, kaputeni wa Gwendolen, Edmund Rhoades, analamulidwa kukawononga sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, ili pamtunda ikukonzedwa. Anayamba kuiwombera. Kaputeni wa Majeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo uthenga wa nkhondo unali usanamupeze. Anakwera kaboti, kupalasa mpaka pa Gwendolen ali ndi ukali, kukafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Anamuuza kuti kwagwa nkhondo, n'kumumanga pomwepo. Nyuzipepala za ku London zinalemba kuti Britain yapambana nkhondo ya pamadzi pa Lake Nyasa, ndipo mpaka lero imatchulidwa kuti inali yoyamba ya mtundu umenewu pa nkhondo yonse ija.

Azungu amaikonda nkhani imeneyi chifukwa simunafe munthu. Koma nkhondoyo sinathere pa nthabwala ayi. Pa 9 Sepitembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo ambiri mwa amene anafa, mbali zonse ziwiri, anali asilikali akuda. Kenako kunabwera tengatenga. Kunalibe misewu ya magalimoto, ndiye chakudya ndi zipolopolo za asilikali zinkayenda pa mitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito imeneyi, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, ankachita kugwidwa m'midzi. Fort Johnston linali doko lalikulu lokwezera katundu ndi anthu kupita kumpoto. Njala, kamwazi ndi kuzizira kwa m'mapiri a ku Tanganyika zinapha ochuluka, kenako chimfine cha 1918 chinadzamaliza ena. M'zithunzi za nkhondoyo mumaona mzere wautali wa anthu atasenza mabokosi, nkhope zosaoneka bwino. Mwa amenewo muli agogo a agogo athu.

Pali chithunzi chimodzi cha chaka chomwecho cha 1914 chimene munthu wakuda anasankha yekha mmene aonekere. Ndi cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chake ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Chilembwe wavala chipewa. Lero zimenezo si nkhani, koma nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chilembwe yemweyo analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka a kuno akufera nkhondo ya eni ake. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, anapha William Jervis Livingstone ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa. Tchalitchi chija boma linachiphulitsa. Koma chithunzi chinatsala. Mu 2022 Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, anachisandutsa chiboliboli n'kuchiimika pa Trafalgar Square pakati pa London, Chilembwe ali wamkulu kuposa mzungu uja, chipewa chili kumutu. Mwaiona mphamvu ya chithunzi chokhala ndi dzina?

*Vipya, 30 Julayi 1946*

Pafupi ndi wotchi yomweyo pali chikumbutso china chimene ambiri timangochidutsa. Ndi cha sitima ya Vipya. Pa chithunzi imaoneka yatsopano, yonyadira, ndipo inalidi yatsopano: inamira pa ulendo wake wachinayi wokha.

Tsikulo inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kuwoloka nyanja kulowera ku Florence Bay, kufupi ndi Chilumba. Julayi tonse tikumudziwa, ndi mwezi wa mwera. Ana a asodzi sitifunika kuuzidwa mmene mwera umachitira: kumwera kuno umangoyamba, koma ukamafika kumpoto umakhala utayenda mtunda wonse wa nyanja, mafunde atakula ngati nyumba. Vipya inkawoloka mopingasa, mafunde akuimenya m'nthiti. Inali ndi anthu 194. Itatsala pang'ono kufika, inapendekeka, madzi n'kulowa, n'kugubuduzika. Anthu 145 anamira, kuphatikizapo kaputeni wake, Farquharson. Anapulumuka 49 okha, ena atagwira matabwa mpaka kumtunda. Pa nyanja ino sipanachitikenso ngozi ya sitima yoposa imeneyi.

Oidziwa sitimayi ankati inali yolemera kumwamba. Apa ndilankhule ngati munthu wa maboti. Chombo chilichonse chimafuna kulemera kukhale pansi. Kukakhala pamwamba, funde likachikankha sichibwerera msanga, lachiwiri likabwera limachipeza chikadali chopendekeka, lachitatu limamaliza. Lamulo limeneli silisankha, kaya ndi sitima yomangidwa ku Ulaya kaya ndi boti la matabwa lokhomedwa pa gombe pathu pano. Ndiye ndikamaona boti ladzaza matumba a usipa, pamwamba pa matumbapo pakhala anthu, m'mbali mwatsala chikhatho chimodzi kuti madzi alowe, injini ndi ya 15 yomwe pulagi yake tangoipukuta, mulibe jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi, ndimakumbuka Vipya. Chakudza sichiimba ng'oma, aise.

Ndipo apanso onani mmene timakumbukirira. Dzina la kaputeni timalidziwa. Enawo timangoti "145." Koma aliyense mwa iwo anali ndi kwawo, anali ndi womudikira pa doko. Ilala imene timaidziwa ija inayamba kuyenda mu 1951 kudzalowa m'malo mwa Vipya.

*Mpasa, ndi mwana wa kuno ku Malindi*

Sitima ina imene imaoneka yosalakwa pa chithunzi ndi Mpasa, ya katundu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha. Ku Nkhata Bay ogwidwawo anawatsekera mu Mpasa. Abale awo anakhamukira pa doko kufuna kuti awamasule, asilikali n'kuwombera. Komiti yofufuza ya Devlin inawerenga anthu 20 ofera pamenepo. Eni dera amatchula oposa apo. N'chifukwa chake pa 3 Malichi timapuma.

Mmodzi mwa ogwidwa m'masiku amenewo anali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, Habil Chipembere, wa kuno ku Malindi. Anabadwa mu 1930, anaphunzira mpaka ku Fort Hare ku South Africa, ndipo mu 1956 analowa m'nyumba ya malamulo pamodzi ndi Kanyama Chiume. Iyeyu ndi mmodzi mwa achinyamata amene anakakamira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda abwerere kumudzi kudzatsogolera, ndipo Kamuzu anafikadi pa 6 Julayi 1958. Ku ndende ya Gwelo, ku Southern Rhodesia, anakhalira limodzi. M'zithunzi za zaka zimenezo mumawaona ali pamodzi pa nsanja, Kamuzu pakati, anyamata ake m'mbali, onse akumwetulira.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zinayambana ndi Kamuzu. Zinkadandaula za tiki, mapeni atatu amene odwala anayamba kulipira ku chipatala, za azungu kukhalabe m'maudindo akuluakulu, za ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndi zoti Kamuzu ankagamula zinthu yekha. Mu Sepitembala anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Chipembere, amene anali nduna ya maphunziro, anali ku Canada. Atabwera nayenso anatula. Enawo anathawira kunja. Iye anabwera kwawo, kuno. Boma linamulamula kuti asapitirire mamailosi anayi kuchoka pa nyumba yake ya ku Malindi. Kumapeto kwa Okutobala anazemba n'kulowa m'mapiri awa timawaona kum'mawa kwathuku, ndipo anyamata ambiri a m'midzi ino anamutsatira.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika ndi anthu pafupifupi 200 n'kulanda Fort Johnston. Analowa pa polisi, anatenga mfuti, ndipo pa chipwirikiticho mkazi ndi mwana wa wapolisi wina anaphedwa. Izinso tizikamba, chifukwa nawonso anali anthu. Kenako anakwera magalimoto ulendo wa ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko. Pa Liwonde nthawi imeneyo magalimoto ankawoloka Shire pa pantuni. Atafika anapeza pantuniyo ili tsidya linalo. Basi. Ulendo wolanda boma unathera pa gombe la mtsinje, asilikali a boma n'kufika, anthu n'kubalalikira m'tchire. Ife a pamadzi timadziwa kuwawa kwake: chombo ukuchiona ndi maso, koma chili tsidya.

Chipembere anali ndi matenda a shuga, ndipo mu Epulo chaka chomwecho anatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi kupita ku America. Anakhalako, anakhalanso ku Tanzania, ndipo anamwalira ku Los Angeles pa 24 Sepitembala 1975 osapondanso pa mchenga wa Malindi.

Amene anatsala ndiwo anaona zakuda. Midzi yoganiziridwa kuti inkadyetsa "zigawenga" inatenthedwa. Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo m'tchire, anagwidwa kumapeto kwa 1965, ndipo kumayambiriro kwa 1966 ananyongedwa ku ndende ya Zomba pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. M'zaka zotsatira, anthu a mudzi wa Moto kuno ku Mangochi anasonkhanitsidwa, amuna, amayi ndi ana, n'kukatsekeredwa ku Dzeleka, ku Dowa, komwe lero kuli othawa kwawo a ku Congo ndi Burundi. Ena sanabwerere.

Tsono funsani: pa zithunzi zonse zimene zikuyenda m'mafoni mwathu, munaonapo cha mudzi wa Moto ukuyaka? Munaonapo cha amayi a kuno ali mu lole ya ku Dzeleka? Pa zaka 30 zimene zija chithunzi chimene chinali ponseponse chinali chimodzi. Chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse, mu ofesi iliyonse, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Kusunga chithunzi cha Chipembere, ngakhale kungotchula dzina lake, kunali kudziitanira tsoka. Akuluakulu a kuno amakamba za zithunzi zimene zinakwiriridwa pansi, zina kuponyedwa pa moto, zina m'nyanja. Agogo anga aakazi mukawafunsa za zaka zimenezo amayamba ayang'ana ku khomo kaye asanayankhe, chonsecho papita zaka 60. Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mayi Catherine Chipembere anabwerera kumudzi n'kukhala phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe lero ndi Masauko Chipembere Highway. Dzina la mtsogoleri linabwerera. A anthu a m'midzi amene anafera iye, kapena kuzunzika chifukwa chongokhala a dera lino, akadali m'mitima ya nkhalamba zochepa zokha.

*Ndiye titani?*

Choyamba, tisamangotumiza chithunzi chilichonse osafunsa. Pali china chimayenda kwambiri, cha bambo atakhala pa khonde akuyang'ana kadzanja ndi kaphazi ka mwana wake. Ena amalemba pansi kuti ndi ku Nyasaland. Ayi. Chimenecho ndi cha ku Congo, cha 1904, nthawi ya Mfumu Leopold II ya ku Belgium, pamene anthu ankadulidwa ziwalo chifukwa cholephera kukwanitsa mlingo wa mphira. Anajambula ndi mmishonale Alice Seeley Harris, ndipo analemba dzina la bamboyo: Nsala. Chithunzicho chinazungulira Ulaya ndi America, ndipo chinathandiza kuti mu 1908 Congo ichotsedwe m'manja mwa Leopold. Chinagwira ntchito chifukwa chinali ndi dzina, malo ndi chaka. Tikachinamizira malo, tikumubera Nsala mwana wake kachiwiri, komanso tikupeputsa zoona zimene zinachitika kwathu.

Chachiwiri, kamera imene kale inali ya bwana yekha lero ili m'thumba mwa aliyense wa ife. M'masutikesi a agogo muli zithunzi: cha pa chitupa cha ku Wenela, cha ukwati pa tchalitchi cha Malindi, cha pa Eid, cha sukulu, cha atate ataima pambali pa bwato lawo loyamba. Chiswe chikudya, ndipo munaona nokha mu 2024 mmene nyanja inakwerera n'kulowa m'nyumba za anthu m'mbali muno. Pepala silipirira madzi. Pemphani chilolezo, jambulani zithunzizo ndi foni, ndipo koposa zonse funsani: uyu ndani, mwana wa yani, apa ndi pati, chinali chaka chanji? Lembani kuseri ndi pensulo, lembaninso mu foni. Ngati agogo alola, ajambuleni mawu akufotokoza okha, m'Chiyao kapena m'Chinyanja, mmene iwo akufunira. Akakana za 1965, musawakakamize. Bala limenelo ndi lawo. Bwererani tsiku lina, mukhale nawo pa mkeka, muyambe ndi nkhani za nsomba.

Chachitatu, nafenso tizijambulana ndi mayina. Tikajambula boti latsopano likulowa m'madzi, tisamangotchula bwana mwini boti. Titchule amene anakhoma matabwa, amene anasoka chilimira, anyamata okoka, siginala amene amagona pa bwato ndi nyali usiku wonse, amayi oyanika usipa pa thandala. Tikapanda kutero, zidzukulu zathu zidzaona chithunzi cha boti ndi dzina la bwana, n'kumafunsana za ife zomwe ife tikufunsa za anthu 450 a boyila aja.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma damboli likuuma chaka ndi chaka. Amene anali ndi zaka 20 pa usiku wa ku Liwonde uja, lero ali ndi zaka 80. Amene muli ndi agogo otere pakhomo, musadikire maliro kuti mudzamve mbiri yawo kwa olira.

Amene muli ndi chithunzi chakale cha Malindi, cha sitima, cha pantuni ya pa boma mlatho usanamangidwe, ponyani m'gulu muno pamodzi ndi mayina a anthu ali pamenepo. Uthengawu tumizirani ena a kunyanja. Ndipo opita pamadzi usiku uno, onani kaye mphepo, onaninso mafuta.

Ndatha ine mnzanu wa sipanala, mwana wa msodzi, pa gombe la Malindi.